Thadzi likazyolika: paketi ya kushopu, makapusozi, alovera kapena alangizi? Zomwe ndaona ine kuno ku Luchenza

Anthu andifunsa kokwanira, ena kutchalitchi ena pa WhatsApp, kuti nkhuku ikazyolika tiziipatsa chani, poti amadziwa kuti ndimaweta kuseri kwa nyumba kuno ku Luchenza komanso kuti chaka chatha khola langa linatsala pang'ono kutha psiti. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Njira zinayi zonsezi ndinaziyesa ndi manja anga, ndipo ndineneretu kuti imodzi ndili nayo chakukhosi mpaka pano.

Zinayamba mu Okutobala, dzuwa lili pswee. Alamu anga anabwera ndi msoti wogula pamsika, wooneka bwino, ine osaganiza kawiri ndinangouponya mukhola madzulo omwewo. Patadutsa masiku asanu msoti uja wavala jekete, mapiko ali pansi, chitosi chobiriwira chamadzimadzi, kupuma moyasamula. Mmawa mwake thadzi langa la Mikolongwe, lakuda bii lija limandiikirira mazira a ana akusukulu, nalo layamba kusinza masana.

Ndinathamangira kushopu ya mankhwala a ziweto, dzina sinditchula. Ndinafotokoza zonse, chitosi, mapiko, mpaka khosi lomwe linayamba kupindika. Mnyamata wa pakauntala anati "mayi musadandaule, ichi ndi chitopa, tengani paketi iyi musungunule m'madzi masiku asanu zidzuka zonse", nkundiwonjezera ya mavitameni, kenako nkundiuza kuti nditengenso katemera wa chitopa wotchedwa La Sota kuti ndimalize nkhani. Ndalama yomwe ndinasiya pamenepo ikanandigulira misoti iwiri. Chomwe chimandiwawa si ndalamayo ayi, koma kuti iye yekha ndi pakamwa pake anatchula chitopa, kusonyeza kuti amadziwa chomwe chinali mukhola mwanga, ndipo munthu wogulitsa mankhwala a ziweto sangalephere kudziwa kuti chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chimayamba ndi vayirasi. Paketi ija inali oxytetracycline, yomwe imalimbana ndi mabakiteriya, vayirasi siimukhudza olo pang'ono. Ine ndinali kusungunula ufa wachikasu uja mmawa ndi madzulo ndi chikhulupiriro chonse, nkhuku zikugwa ziwiriziwiri.

Za katemerayo ndiye zimandipweteka kwambiri. Katemera amaperekedwa kwa nkhuku yomwe ili bwinobwino, kuti thupi lake likonzeke, ndipo chitetezo chimatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti chikhwime. Nkhuku yodwala kale siipindula kanthu, komanso khola lomwe matenda alowa kale nthawi imakhala yatha. Kuwonjezera apo La Sota amafuna kuzizira kwa mufiliji nthawi zonse, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ukamusungunula umayenera kumugwiritsa ntchito pasanathe maola awiri, wotsala nkutaya. Botolo lake ndi la nkhuku mazanamazana, ine ndinali ndi 14 zokha. Anandipatsa m'kajumbo kopanda ayisi, tsiku lomwe magetsi anali atazima kuyambira mmawa, ndinakwera nalo kabaza padzuwa lija. Palibe chimodzi mwa izi chomwe anandiuza. Pa nkhuku 14 zinatsala zitatu.

Pali mtengo winanso wobisika pamapaketi amenewa womwe pakauntala satchula. Nkhuku ikamamwa mankhwalawa, mazira ake ndi nyama yake sizidyedwa mpaka padutse masiku omwe alembedwa kumbuyo kwa paketi, ndipo mapaketi ena amalemba kuti asapatsidwe nkomwe nkhuku zoikira mazira odya anthu. Zilembo zake ndi zing'onozing'ono, zachingerezi. Ine ndinadzaziwerenga mochedwa ana atadya kale mazira a zitatu zotsala zija. Ndiye mukamawerengera mtengo wa paketi muziphatikizapo mazira omwe mutaye.

Koma kunena chilungamo paketiyo payokha si yoipa. Mu Juni, chiperoni chitagwira sabata yathunthu phiri la Mulanje osaoneka, thadzi lina mwa zitatu zija linatupa nkhope mbali imodzi, diso lotsekeka, mamina onunkha m'mphuno, kuyetsemula. Ulendo uno sindinapite kushopu, ndinaimbira alangizi a ziweto a kudera kwathu. Anabwera mawa lake, analigwira, kulitsegula kukamwa, kufunsa ngati zina zafa, nkunena kuti ichi ndi chimfine cha nkhuku, cha mabakiteriya, ndipo anandilembera mankhwala a mtundu womwe uja ndinagula mu Okutobala, ndi muyezo wake pa lita ya madzi. Pa tsiku lachinayi diso linatseguka. Ufa womwewo, pa chitopa unali kutaya ndalama, pa chimfine unagwira ntchito. Kusiyana kwake kunali kwakuti wina anayamba waiona nkhuku.

Vuto la alangizi ndi limodzi, ndi ochepa ndipo dera lawo ndi lalikulu, mwina uwathandize ya mafuta a njinga, mwina adikiritse tsiku. Komabe ine ndimawaika pamwamba pa onse, chifukwa ndi okhawo omwe anandiuzapo kuti "apa musagule kanthu mayi". Ndi iwonso anandiphunzitsa kuyang'ana chitosi. Chamagazi, makamaka pa anapiye ndi misoti nthawi yamvula, nthawi zambiri ndi coccidiosis, matenda a tizilombo ta m'matumbo, ndipo mankhwala ake ndi ena, monga amprolium. Nkhuku yongowonda pang'onopang'ono koma ikudya, ganizirani njoka zam'mimba, mankhwala a piperazine amachotsa zozungulira zija. Tizilonda takuda pa lipombo ndi m'maso ndi nthomba, nayonso ndi vayirasi yofalitsidwa kwambiri ndi udzudzu, umangosamala zilondazo nkuonetsetsa kuti ikudya. Ina imangofooka chifukwa cha utitiri womata kumaso, umapaka Vaseline basi.

Makapusozi a anthu, ofiira ndi achikasu aja timagula pa okala, sindikhalitsapo. Muyezo wake ndi wa munthu wa makilogalamu 60 osati thadzi la makilogalamu awiri, palibe polembedwa kuti mazira mudikire masiku angati, ndipo pa chitopa ndi chimodzimodzi paketi ija, palibe chomwe amachita. Ndinatsegulirapo awiri m'madzi chifukwa chothedwa nzeru, sindidzabwerezanso.

Alovera ndi tsabola ndiye ndimalankhula mosamala chifukwa ndi zomwe anganga anandilera nazo, ndipo pafupifupi khomo lililonse kuno kuli tsinde lake. Amasinja tsamba la alovera, ena amaphatikiza nimu kapena kambuzi, nkuviika m'madzi akumwa. Ubwino wake ndi waulere, uli pompo usiku nkhuku ikadwala, ndipo sukutayitsa mazira. Koma ndinene zomwe ndinaona, aneba anga anathira alovera kuyambira tsiku loyamba, khola lawo linatha ngati langa lomwe. Chitopa chikalowa pamakhala zina zochepa zopulumuka pazokha, ndiye chomwe unathira m'madzi sabata imeneyo ndi chomwe chimatenga ulemu. Chinanso, madzi akawawa kwambiri nkhuku yodwala imangowasiya osamwa, pomwe madzi ndi omwe ikuwafunitsitsa. Ngati mukuthira, thirani pang'ono ndipo pambali pakhale ena oyera.

Chomwe chinandipulumutsira thadzi la mu Juni lija, pambali pa mankhwala, ndi katoni. Musaidelere. Nkhuku ikangoonetsa kuzyolika ichotseni pakati pa zinzake nthawi yomweyo, muiike m'katoni kapena m'dengu momwe mwayala udzu wouma, pamalo pofunda popanda mphepo koma osati m'chipinda chogona anthu, komanso osati pafupi ndi utsi wa mbaula. Kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julayi kumamaliza nkhuku yodwala msanga kuposa matendawo, ine ndimaika botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje chakale pambali pake usiku. Madzi ndimapanga ngati a mwana wotsegula m'mimba, lita imodzi, masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Ikakana kumwa yokha musaitsanulire kukhosi, njira ya mpweya ili kumbuyo kwa lilime pompo ndipo mukhoza kuitsamwitsa, ingodonthezani m'mbali mwa mulomo dontho limodzilimodzi izimeza yokha. Chakudya ndi phala la mgaiwa lofewa kapena madeya onyowetsa, ndi dzira lowiritsa lonyenyanyenya. Mmawa uliwonse ndimagwira chithokomiro, chikakhala chaphwa ndiye kuti chakudya chikuyenda, chikakhala chili chodzadza kuyambira dzulo pali vuto lina. Muziyamba kusamalira zabwinobwino, yodwala pomaliza, mukatero kusamba m'manja ndi sopo, chifukwa matendawa timawanyamula tokha ku mapazi ndi m'mbale zomwera.

Ndipo chonde abale, yodwala musathamangire nayo kumsika kuti mupulumutseko ndalama. Msoti womwe unandithera khola unachokera kwa munthu yemwe anaganiza choncho. Yakufa ikwirireni mozama kapena kuiwotcha, agalu asaikoke. Zikamafa zambiri nthawi imodzi auzeni alangizi, chifukwa chimfine cha mbalame chija chimagwiranso anthu chimaoneka mofanana ndi chitopa.

Mukandifunsa kuti ndalama yanga pano ndimaika pati, ndi pa katemera wa chitopa wotchedwa I-2, wa dontho limodzi m'diso uja. Anachokera ku Australia koma amapangidwa konkuno ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndipo anapangidwira nkhuku zakumudzi, amapirira kutentha kuposa La Sota ngakhale nayenso safuna kumusiya padzuwa. Dontho ndi limodzi kaya ndi mwanapiye kaya tambala, miyezi inayi iliyonse, kutanthauza katatu pachaka, ndipo nkhuku yake mutha kudya kapena kudya mazira ake osadikira. Botolo limodzi limakwana makomo ambiri, ndiye ife tinagwirizana makomo asanu ndi atatu a mzere wathu, timasonkha, wotemera amabwera mmawa nkhuku tisanazitsegulire. Wa mu Julayi sindiphonya chifukwa ndi amene amazifikitsa mu nyengo yotentha ija chitopa chimavuta. Pano zakwana 11, ndipo nkhuku yachilendo iliyonse, olo ibwere ndi alamu, imayamba yakhala payokha kuseri kwa bafa sabata ziwiri isanaone khola.