Ndaonera masewero anayi a gulu la zisudzo la m'dera mwathu, ndipo atatu anandikhutiritsa

Tikiti ndinagula m'mwezi wa Meyi, ya masewero onse anayi nthawi imodzi, chifukwa inkatsikirako mtengo poyerekeza ndi kulipira pakhomo tsiku lililonse. Gululi ndi la anyamata ndi atsikana a kuno kwathu ku Ndirande, kuphatikizapo amayi awiri achikulire ndi bambo mmodzi amene masana amasoka zovala pakhonde la sitolo. Ankachita sewero limodzi pamwezi, Lamulungu lomaliza masana, mu holo ya tchalitchi, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Ndinapita konse, kawiri ndi mkazi wanga, kamodzi ndi apongozi anga, kamodzi ndekha.

Ine ndinakula ndi zisudzo. Bambo anga ankanditenga kupita ku French Cultural Centre, yomwe lero tikuitcha Blantyre Cultural Centre, kukaonera Kwathu Drama Group. Izeki ndi Jakobo ankangoti kutulukira pa siteji, anthu n'kuyamba kuseka asanayankhule n'komwe. Chimwalirireni a John Nyanga (Izeki) mu 2016 ndi a Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021, ndinkaona ngati nthabwala za pa siteji zatsala za pa foni zokha, za mphindi ziwiri, zongogwetsana ndi kukuwa. N'chifukwa chake ndinalowa mu holo muja ndi mtima wokayika.

Sewero loyamba linali la alandilodi ndi alendi awo, ndipo linali labwino ndithu, koma limene ndikufuna kukambapo kwambiri ndi lachiwiri, la banki m'khonde. Nkhani yake ndi ya msungichuma amene wadya ndalama za gulu, ndipo tsiku logawana masheya lakwana. Mayi amene anatenga mbali imeneyi sanakuwe ngakhale kamodzi. Anakhala pamphasa, bokosi la ndalama lili pamiyendo, makiyi atatu a bokosilo ali m'manja mwa amayi atatu osiyana monga momwe magulu ambiri amachitira. Aliyense akabweretsa kiyi wake, iwo ankayambitsa china: poyamba anapempha kuti ayambe apemphera, pemphero n'kutalika, kenako anakumbukira kuti sanapepese maliro a kwa apampando, kenako anayamba kufunsa mmodzimmodzi za ana. Nthawi yonseyi chala chawo chinkangokanda pakona ya bokosi, thukuta akupukuta ndi nsonga ya chitenje. Loko wachitatu atatseguka, holo yonse inangoti zii, ndipo iwo anayang'ana m'bokosimo, n'kuyang'ana kudenga, n'kunena motsitsa kuti, "Amayi anzanga, kodi chiswe chimadya ndalama?" Anthu anafa nalo phwete. Mayi wina amene anakhala patsogolo panga anaimirira n'kuloza pa siteji akuti, "Ndi zomwezo zinatichitikira ife!"

Chimene chinandigwira mtima n'choti sewerolo silinamusandutse mfiti msungichumayo. Kumapeto tinamva kuti ndalamazo zinapita ku fizi ya mwana ndi kwa wakatapila amene ankamuvutitsa usiku ndi usana. Tinaseka, koma potuluka anthu ankakambirana zenizeni, ena akuti akanamukhululukira, ena akuti akanamulanda malata. Mkazi wanga, yemwe ndi mlembi wa gulu lawo, sanayankhule njira yonse mpaka tinafika kunyumba.

Sewero lachitatu, la chinkhoswe, ndi limene ndinapita ndi apongozi. Mnyamata wa m'tauni wopanda abale pafupi walemba ganyu bambo wogulitsa makala kuti akhale malume ake. Malume aganyuwo sakudziwa dzina la mwana wa mlongo wawo, abwera ndi msoti m'malo mwa tambala, ndipo atsikana atatuluka atafunda zitenje kuti mnyamata asankhe wake, iwo ndi amene akuthamangira kukavundukula. Apongozi anga saseka wamba, koma tsiku limenelo anachita kupukuta misozi. Potuluka anandiuza kuti, "Bambo a Chisomo, ana amenewa mwambo akuudziwa. Munthu sungaupotoze chonchija usanaudziwe bwino." Ndinagwirizana nawo. Ngakhale mphatso zosinthana zija, nkhwangwa, khasu, lichero ndi mthiko, zinali zenizeni, osati zojambula pa katoni.

Tsono lachinayi ndi limene linandikhumudwitsa, ndipo ndinena mosabisa chifukwa gululi ndimalifunira zabwino. Linayamba ngati nkhani ya mabanja awiri olimbirana mpopi umodzi, koma pakatikati linasanduka phunziro la kusamba m'manja ndi kupewa kolera. Uthengawo ndi wofunika, tonse tikukumbukira mmene kolera inatipwetekera mu 2022 ndi 2023. Koma ochita sewero anasiya kuyankhulana okhaokha n'kutembenukira kwa ife, kutiwerengera mfundo ngati tili ku sikelo. Anthu anayamba kutulutsa mafoni. Kuti atidzutse, analowetsa munthu wachibwibwi ndi wina woyankhula Chichewa mopotoza ngati wochokera kumpoto, kuti tiziseka mayankhulidwe awo. Zimenezo sizinandisangalatse ngakhale pang'ono. Mu holo muja munali ana, ndipo ena mwa iwo ali ndi anzawo achibwibwi m'kalasi. Gulu limene linatha kutiseketsa ndi chala chokanda bokosi silifunika kutsika mpaka pamenepo.

Za malo ndi dongosolo ndingonena mwachidule. Pa tikiti analemba 2 koloko, koma palibe tsiku limene anayamba isanakwane 3. Mabenchi ndi ouma, tengani chitenje chopinda kapena kapilo, ndipo mu Juni ndi Julayi musaiwale juzi chifukwa mawindo ena alibe magalasi ndipo mphepo ya chiperoni imalowa yonse. Tsiku la chinkhoswe magetsi anazima pakati pa sewero, zokuzira mawu n'kuleka. Anyamata awiri anangotsegula zitseko zonse kuti kuwala kulowe, osewera n'kukweza mawu, sewero n'kupitirira. Ine ndinali pa benchi yachitatu kuchokera kumbuyo ndipo ndinamva liwu lililonse, mwinanso bwino kuposa poyamba pomwe maikolofoni ankalira. Pakhomo amalandira ndalama pamanja komanso za pa foni, ana amalipira theka, ndipo panja pamakhala amayi ogulitsa mandasi, zitumbuwa ndi thobwa.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi. Imodzi ndachotsa chifukwa cha sewero lomaliza ndi kuchedwa kuyamba. Kwa amene muli ndi ana, atatu oyambawo mulibe zolaula, mukhoza kukhala nawo limodzi ndi apongozi popanda kugwetsa nkhope. Pempho langa kwa atsogoleri a gululi ndi loti mayi amene anasewera msungichuma uja muwapatse mbali yaikulu chaka chamawa, ndipo sewero la banki m'khonde mulibwereze ngakhale kamodzi, chifukwa amayi a gulu la mkazi wanga, onse 18, akufuna kudzalionera limodzi. Tikiti ya chaka chamawa ndidzagula ikangotuluka.