Yisiti timudyetse bwanji: kamodzi, pang'onopang'ono, kapena mosalekeza?

Mlamu wanga anandipeza ndikutsuka mgolo ku shedi kwanga ku Luwinga, manja atachita dzanzi ndi madzi a m'mawa. Anayang'ana migolo yanga isanu ndi umodzi ya buluu ija, n'kupukusa mutu. "Alamu, mukudzizunziranji? Ndaona pafoni, anzanu sakhuthula n'kutsuka ayi. Amangothira uku, vinyo n'kumatuluka uko, usana ndi usiku." Ndinamupatsa burashi kuti atsuke mgolo wachiwiri, koma funso lake ndi lomwe aliyense wofulula vinyo wa nthochi, wa chinanazi kapena viniga amafika nalo akafuna kuchoka pa ndowa ya malita 20.

Njira zilipo zitatu. Akatswiri amazitcha batch, fed-batch ndi continuous. Mwachichewa tingoti kuthira zonse kamodzi, kudyetsa pang'onopang'ono, ndi kuwiritsa kosalekeza. Ziwiri zoyambazo ndazichita ndi manja anga. Yachitatuyo ndinaiyesa milungu iwiri, inandikana.

Musanasankhe muyenera kudziwa zomwe yisiti amachita ndi shuga wanu. Pa magalamu 100 alionse a shuga wosungunuka, sangatulutse mowa woposa magalamu 51 mpaka 54, malinga ndi mtundu wa shugayo. Otsalawo amathawa ngati mpweya uja umachititsa thovu. Ndiye malire, ndipo ngakhale fakitale yosamala imagwera pansi pake pang'ono chifukwa yisiti amadyako wina kuti aswane. Chinthu chachitatu chomwe amatulutsa, chomwe ambirife timachiiwala, ndi kutentha. Ofulula vinyo amawerengera kuti magalamu 10 alionse a shuga pa lita akawira, amakweza kutentha ndi madigiri pafupifupi 1.3 ngati kutenthako kulibe kothawira. Vinyo wa maperesenti 14 amafuna shuga wokwana magalamu ngati 240 pa lita. Chulukitsani nokha: madigiri oposa 30 pamwamba pa pomwe munayambira. Pomwe yisiti akadutsa madigiri 35 amayamba kulefuka, ena n'kufa. Mkangano wonse wa njira zitatuzi wagona apa: ndani akulamulira liwiro la kudya, inu kapena yisiti?

Kuthira zonse kamodzi ndi njira ya makolo athu pa masese ndi thobwa. Madzi a zipatso, shuga, yisiti, tsekani, paipi yotulutsa mpweya ilowe m'botolo la madzi, dikirani. Ubwino wake ndi waukulu kuposa momwe okonda zamakono amavomerezera. Simutsegulatsegula, choncho tintchentche ta pa zipatso ndi mabakiteriya a viniga sapeza polowera. Mgolo ukawonongeka mwataya umodzi wokha, mumatsuka n'kuyambanso pabwino. Ndipo ngati muli ndi maganizo okatenga chiphaso ku Malawi Bureau of Standards, kulemba kuti botolo ili lachokera mu mgolo wakuti wa tsiku lakuti n'kosavuta.

Mavuto ake ndi awiri. Loyamba, shuga wambiri pa tsiku loyamba amayamwa madzi m'thupi mwa yisiti. N'chifukwa chake uchi wa m'nkhalango za ku Viphya umakhala chaka osawira. Mukadutsa magalamu 250 pa lita, yisiti amayamba mwaulesi, ndipo masiku awiri atatu omwe akuzengereza ndi omwe mabakiteriya osasitsa amakhazikikira. Lachiwiri ndi kutentha kuja, ndipo kuno ku Mzuzu nkhani yake ili ndi mbali ziwiri. Mu June ndi July, usiku wa chifunga uja, ndowa ya malita 20 imazizira mpaka kuwira kumaima, shuga akadali tho. Mgolo wa malita 200 umadzifunditsa wokha, ndipo ukaukulunga bulangeti umayenda bwinobwino. Koma thanki ya malita 1,000 ndi nyama ina. Chotengera chikakula kasanu ndi katatu m'kati, khungu lake lotayira kutentha limangokula kanayi. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndinaphunzira izi mu October wina, nditagula thanki yapulasitiki yoyera ija ya m'chikhola cha zitsulo. Ndinachita zomwe ndimachita pa mgolo, kungochulukitsa kasanu. Usiku wachiwiri ndinapita ndi tochi, paipi m'botolo ikuchita phokoso ngati mphika wa nyemba, ine n'kusangalala. Nditagwira m'mbali mwa thanki, inali yofunda ngati mphumi ya mwana wa malungo. Pofika tsiku lachinayi botolo linali zii. Hydrometer, chipangizo chopimira kuchuluka kwa shuga m'madzi, inaonetsa kuti shuga wotsala ndi wambiri, yisiti atapsa. Malita 900 a madzi otsekemera onunkha ngati mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo. Ena ndinawasandutsa viniga, ambiri anamwa ndi nthaka.

Kudyetsa pang'onopang'ono kumachiza matenda awiri onsewa ndi mankhwala amodzi. Simupatsa yisiti chakudya chonse. Mumayamba ndi gawo, n'kumawonjezera akamamaliza. Ine ndimayamba ndi magalamu ngati 140 pa lita. Hydrometer ikatsika kufika cha m'ma 1.020 ndimathira manyuchi a shuga owiritsa n'kuziziritsa, kenako kachiwiri, nthawi zina kachitatu. Yisiti sakumana ndi shuga womufoola, ndipo kutentha komwe kukanatuluka masiku awiri kumagawika pa sabata yonse. Thanki ikafunda ndimangochedwetsa chakudya. Mpopi wa shuga umasanduka buleki.

Si nzeru yanga ayi. Opanga yisiti wa buledi ku Germany ndi Denmark anaitulukira zaka zoposa 100 zapitazo, ataona kuti yisiti akapeza shuga wochuluka amapanga mowa ngakhale umupopere mpweya wochuluka bwanji, pomwe iwo amafuna kuti aswane. Mpaka lero yisiti wa m'paketi yemwe mumagula kuti muphikire mandasi amaleredwa choncho, pomudonthezera molasi, manyuchi akuda otsala popanga shuga wa nzimbe. Penicillin nayenso amapangidwa pomadyetsa nkhungu yake pang'onopang'ono. Koma chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi cha ku Brazil, komwe mafakitale ambiri a ethanol wa nzimbe amatsata njira ya Melle-Boinot, yomwe inayambira ku France m'zaka za m'ma 1930. Amayamba ndi yisiti wambirimbiri m'thanki, n'kumathira madzi a nzimbe kapena molasi kwa maola angapo, ndipo kuwira konse kumatha pakati pa maola 6 ndi 12. Akatero amapatula yisiti ndi makina ozungulira mwaliwiro, kumusambitsa m'madzi a asidi kuti mabakiteriya afe, n'kumubwezeranso m'thanki. Agogo anu akamasiyako chambiko pang'ono m'chikho kuti mkaka wa mawa ugwire msanga, ankachita zomwezo, kungoti analibe asidi wophera alendo osaitanidwa. Ife a migolo tingathe kubwereza nsenga za yisiti kawiri kapena katatu, zikayamba kununkha mosasa n'kuzitaya.

Mtengo wa njira imeneyi ndi tulo ndi ukhondo. Nthawi iliyonse mukatsegula mwaitana mpweya ndi tizilombo, choncho boolani chivundikiro muike kapaipi kothirira kokhala ndi chotsekera, osati kuvundukula mgolo wonse. Shuga wouma musamuthire mu vinyo wowira: thovu limakwera nthawi yomweyo ngati botolo la chakumwa logwedeza, ndipo mudzakolopa shedi yonse. Hydrometer ndi chopimira kutentha si zokongoletsa pano, popanda izo mukungolota. Palinso msampha wa dyera. Poona kuti yisiti akudyabe, munthu umawonjezera kachinayi, mowa n'kufika pomwe yisiti sangapirire, shuga womalizayo n'kutsala osawira. Werengerani shuga yense pa pepala musanayambe, ndipo mukafika pa nambalayo imani.

Tsopano ya alamu anga ija. Kuwiritsa kosalekeza ambiri mwa inu munakuonapo osadziwa: dzenje la biogas, lomwe mumathira ndowe m'mawa uliwonse zakale n'kumasefukira mbali inayo. Papepala palibe yoiposa. Thanki sikhala chabe kudikira kutsukidwa, yisiti amakhala pa msinkhu wake wamphamvu nthawi zonse, ndipo thanki yaing'ono imatulutsa zomwe migolo yambiri ikanatulutsa. Morton Coutts wa ku New Zealand analembetsa njira yotere yofululira mowa mu 1956, ndipo inagwira ntchito. Komabe mafakitale ambiri a mowa padziko lapansi mpaka lero amafulula thanki imodziimodzi. Chikomekome cha mkuyu.

Nyerere zake ndi izi. Zomwe zikutuluka zimatenga yisiti, ndiye mukathira mofulumira kuposa momwe iye akuswanirana, mumamukokolola yense, n'kutsala ndi madzi a shuga odutsa ngati mtsinje wa Lunyangwa. Mukachedwetsa, phindu lija lapita. Kuti mukhale pakati pamafunika pampu yoyenda mofanana ola ndi ola, ndiponso kutentha kosasintha. Magetsi akazima maola asanu ndi limodzi, kapena usiku ukazizira ndi madigiri khumi kuposa masana, muyeso uja wasokonekera. Chachikulu kuposa zonse ndi alendo. Mu mgolo wa kamodzi, bakiteriya wolowa amathera pa tsiku lotsuka. Muno tsiku lotsuka kulibe. Amamatirira m'mapaipi n'kumaswana, ndipo lita iliyonse yotuluka imakhala yosasa kuposa ya dzulo. Ngakhale kampani yopanga Quorn ku England, yomwe imalera nkhungu yodyedwa m'mathanki a malita 150,000 otsekedwa bwino, imaimitsa ntchito pakatha milungu ngati isanu ndi umodzi, chifukwa nkhunguyo imasintha mtundu m'kati momwemo. Ine ndinalumikiza migolo itatu ndi mapaipi, woyamba pamwamba pa njerwa. Sabata yoyamba ndinkadzitcha injiniya. Yachiwiri ndinali ndi viniga wosapempha m'migolo yonse itatu.

Pali china chomwe vidiyo ya pafoni sinena: njira yosalekeza imafuna chakudya chosalekeza, chofanana tsiku ndi tsiku. Taonani komwe mafakitale athu a ethanol anamangidwa. EthCo inayamba mu 1982 ku Dwangwa, PressCane mu 2004 ku Chikwawa, onse kufupi ndi minda ya nzimbe, chifukwa molasi, yemwe pafupifupi theka la kulemera kwake ndi shuga, amafunika wambiri ndipo ndi wolemera kunyamula. Ife chakudya chathu ndi zinanazi ndi nthochi zomwe lole yabweretsa kuchokera ku Nkhata Bay kapena kumalire a Tanzania, lero zakupsa kwambiri, mawa zaziwisi, mwezi wamawa kulibe. Mgolo umalola kuti upime madzi a lero n'kukonza shuga wake. Mpopi wosalekeza sudikira.

Ndiye amene akufulula malita osapitirira 200 nthawi imodzi, vinyo wake wosadutsa maperesenti 11 kapena 12, asavutike: athire kamodzi, m'nyengo yozizira afunditse mgolo. Amene akufuna vinyo waukali kuposa apo, kapena wagula thanki ya malita 500 kupita m'mwamba opanda makina oziziritsira, adyetse pang'onopang'ono, ndipo ine ndiko ndakhazikika. Kosalekeza ndikusiyirani a biogas ndi omwe ali ndi jenereta, mathanki achitsulo chosachita dzimbiri, ndi munthu wopima usiku wonse.

Njira iliyonse mungasankhe, pa chakudya chowonjezera cha yisiti musatengere za mafakitale a ethanol wa galimoto. Iwo amatha kuthira urea, koma m'chakumwa urea amakumana ndi mowa n'kupanga mankhwala otchedwa ethyl carbamate, omwe ndi oopsa m'thupi. Funani mchere wodyetsa yisiti wotchedwa DAP (diammonium phosphate) wopangidwira zakudya, osati wa m'thumba la feteleza. Ndipo mpweya uja musauderere. Mgolo umodzi wa malita 200 wokhala ndi makilogalamu 48 a shuga umatulutsa malita ngati 12,000 a mpweyawo, wolemera kuposa womwe timapuma, ndipo umadikha pansi osaoneka. Shedi yanga ndinaiboola mabowo awiri m'munsi mwa khoma, ndipo m'mawa ndimatsegula chitseko n'kuyamba ndamwa tiyi panja ndisanalowe.

Alamu anamaliza kutsuka mgolo uja, n'kufunsa kuti thanki yoyera ili pakonayo ndigulitsa zingati. Ndinawauza kuti siyogulitsa. Muli malita 800 a chinanazi, lero ndi tsiku lachisanu, chopimira chikuonetsa madigiri 24, ndipo chakudya chachiwiri ndithira madzulo ano.