Soya, linseed kapena mapilitsi kwa amayi amene akusiya kusamba

Kutentha thupi mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku zikayamba, amayi ambiri kuno ku Johannesburg amalangizidwa kudya zinthu zokhala ndi esitirojeni wa m'zomera, kutanthauza tinthu tofananako ndi esitirojeni, homoni ya akazi imene imachepa m'thupi mayi akamasiya kusamba. Zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi zitatu, koma sizigwira ntchito mofanana.

Soya ndiye wafufuzidwa kwambiri. Ali ndi ma isoflavone, makamaka genistein ndi daidzein, amene amachita ngati esitirojeni m'thupi koma mphamvu yake ndi yochepa zedi. Kapu imodzi ya mkaka wa soya, kapena magalamu 100 a tofu wogulitsidwa ku Cyrildene, mumakhala ma isoflavone okwana mamiligalamu pafupifupi 25. Achikulire a ku Japan amadya 25 mpaka 50 pa tsiku. Musayembekezere kuti kutenthako kutheratu. Kumangochepa, ndipo pamadutsa milungu yambiri kuti muone kusintha. Ena saona kanthu, mwa zina chifukwa si aliyense ali ndi mabakiteriya a m'matumbo osandutsa daidzein kukhala equol, amene ndi wamphamvupo. Soya pieces zouma tinazolowera kumudzi zija ndi zabwino kuposa soya mince ya m'mapaketi yothira kale zokometsera, imene imachuluka mchere. Wodwala BP ayambe wawerenga papaketi. Abambo odya m'poto momwemo asade nkhawa, kafukufuku sanapeze kuti soya amatsitsa testosterone, homoni ya amuna.

Linseed, njere za chomera cha fulakesi (flaxseed), ali ndi mtundu wina wa esitirojeni wa m'zomera, ma lignan. Muziyamba mwapera, chifukwa njere zathunthu zimangodutsa osagayika. Supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri m'phala zakwana, ndipo muzimwa madzi ambiri. Ufawo usungeni mufiriji, mafuta ake sachedwa kuwonongeka. Pa kudzimbidwa amathandizadi, koma pa kutentha thupi sanaoneke kuti amaposa piritsi lopanda mankhwala.

Mapilitsi opangidwa kuchokera ku soya kapena chomera cha red clover ndi amene amafuna kusamala, chifukwa limodzi lokha likhoza kuposa makapu awiri a mkaka uja. Mu 2015 bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, silinapeze umboni woti amawononga mawere, chiberekero kapena chithokomiro kwa amayi osiyiratu kusamba, koma silinagamule za amene anadwalapo khansa ya m'mawere. Mayi wotereyu, makamaka ngati akumwa tamoxifen, mankhwala a khansayi, asagule asanaonane ndi dokotala wake.

Ife timati yambani ndi soya wa m'mbale, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Ngati mumamwa levothyroxine, mankhwala a chithokomiro, papite maola anayi musanadye soya, chifukwa amalepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'magazi.