The Untouchables ndi Lawless: wolakwa ndani pa nkhani ya mowa woletsedwa?

Mafilimu awiriwa akukamba za nthawi imene dziko la America linaletsa kutcheza ndi kugulitsa mowa, kuyambira 1920 mpaka 1933, koma amakuimika mbali zosiyana.

Mu The Untouchables ya 1987 uli kumbali ya boma, ku Chicago. Eliot Ness, wofufuza milandu wa boma, amakana ziphuphu pamene Al Capone, mkulu wa zigawenga zogulitsa mowa woletsedwa, wagula apolisi, ngakhale anthu omwe asankhidwa kugamula mlandu wake. Pokoma ndi pakuti Ness nayenso amadetsedwa pang'onopang'ono. Mnzake Malone amawombera mtembo kuti aopseze wosunga mabuku a Capone mpaka aulule, ndipo pamapeto Ness amakankha Frank Nitti, chigawenga cha Capone, kuchokera padenga atamugwira kale. Filimuyo imafuna tiombe m'manja, chonsecho ndi kupha munthu popanda kuzenga mlandu. Izi n'zopeka, Nitti weniweni anadzipha yekha mu 1943. Ndipo Capone anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 11 chifukwa chozemba msonkho, osati kupha.

Lawless ya 2012 imatembenuza zinthu. Tili ku Franklin County, m'chigawo cha Virginia, ndi abale atatu a Bondurant otcheza kachasu m'tchire. Chilombo ndi wapolisi Charley Rakes, wofuna gawo la phindu, yemwe amapha Cricket, mnyamata wolumala. Vuto ndi lakuti opanga filimuyi anamuipitsa Rakes mopyola muyeso, moti nkhanza za abalewo zimaoneka ngati kudziteteza chabe. Apa The Untouchables yapambana, chifukwa imaonetsa munthu wabwino akuterereka.