ABS, CBS kapena traction control: pa njinga yamoto chofunika kwambiri ndi chiti?

Anzanga okwera njinga zamoto, nkhani ya mabuleki amakonowa ikusokoneza anthu ambiri chifukwa ogulitsa amangotchula zilembo, ABS, CBS, TC (traction control), MSC, ngati kuti zonse ndi chinthu chimodzi pomwe si choncho ayi. Ine maganizo anga ndinenetu poyambirira pomwe, ngati mungakwanitse chimodzi chokha sankhani njinga yokhala ndi ABS ku tayala lakutsogolo, makina aja oletsa tayala kusiya kuzungulira ukagwira buleki mwamphamvu. Zinazo ndi zabwino ndithu koma zimabwera pambuyo, ndipo munthu asakunamizeni kuti CBS ndi ABS yotchipa, ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana.

Tiyambe ndi CBS yo poti ndi imene imapezeka pa njinga zing'onozing'ono ndi masikuta ambiri. Imangolumikiza mabuleki awiri aja, ukaponda yakumbuyo, kapena kufinya handulo yakumanzere ngati ndi sikuta, mphamvu ina imapita ku buleki yakutsogolo. Pa njinga zing'onozi mulibe kompyuta iliyonse, ndi kebulo ndi kachitsulo kogawa mphamvu basi. Nde imathandiza ndani? Munthu uja anazolowera kuponda yakumbuyo yokha, amaopa yakutsogolo chifukwa wina anamuuza kuti imagwetsa, ndipo anthu otere alipo ambiri zedi. Chonsecho njinga ikamaima kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala lakutsogolo limakanikizika pansi n'kugwira msewu mwamphamvu pomwe lakumbuyo limapepuka, ndiye woponda yakumbuyo yokha akusiya ntchito yaikulu yoimitsa njinga osaigwira. CBS imamukonzera vuto limenelo iye osadziwa n'komwe, amaima pafupi kusiyana ndi kale. A Honda akhala akulimbikira njira imeneyi kwa nthawi yaitali, CBR1000F ya 1993 inali kale ndi Dual CBS.

Koma CBS siidziwa kuti tayala lasiya kuzungulira. Ukafinya mwamantha pa phula lonyowa kapena pamene pathiridwa mchenga tayala limaloka basi, ndipo lakutsogolo likaloka sulandira chenjezo, chiwongolero chimangopindika uli pansi usanaganize n'komwe zosiya buleki. Lakumbuyo likaloka bola, njinga imagwedeza kumbuyo koma nthawi zambiri umatha kuigwira. Lakutsogolo ayi.

Apa ndi pamene ABS imasiyanira ndi zonse. Gwadani pafupi ndi tayala lakutsogolo la njinga ya ABS muyang'ane pakati pa disiki ya buleki, muona kamkombero kachitsulo kokhala ndi timabowo tambirimbiri tondondozana, ndipo pafupi pake, pamwendo wa foloko, pali kasensa kakuda kokhala ndi waya. Kasensako kamawerenga timabowo tija tikamadutsa n'kumauza kompyuta liwiro la tayala nthawi zonse. Kompyuta ikaona kuti tayala likuchepetsa liwiro mofulumira kuposa momwe njinga ingaimire, imadziwa kuti latsala pang'ono kuloka, imatsegula valavu kuti mphamvu ya mafuta a mabuleki itsike pang'ono, tayala liyambirenso kuzungulira, kenako pampu imabweza mphamvu ija, ndipo izi zimachitika kangapo pa sekondi imodzi. Iwe umangomva handulo ikunjenjemera m'zala kapena pedulo ikugunda kuphazi, pena ndi kaphokoso kokhala ngati kukukuta. Ambiri akamva zimenezi koyamba amadzidzimuka n'kusiya buleki poganiza kuti china chathyoka, ayi ndithu, pamenepo ndi pofinyitsa osasiya, kunjenjemerako ndi chizindikiro choti ikugwira ntchito.

Si zachilendo izi. BMW inaika ABS pa njinga koyamba mu 1988 pa K100, nthawi imeneyo inali chimakina cholemera makilogalamu angapo, pano kabokosi kake ndi kakang'ono koti kamakwana m'dzanja. Malamulo nawonso akuonetsa kusiyana kwa ziwirizi. Ku European Union kuyambira 2016 mitundu yatsopano ya njinga zoposa 125cc imayenera kukhala ndi ABS, ndipo kuyambira 2017 lamuloli linakhudza njinga zatsopano zonse za kukula kumeneko, pomwe za 125cc kutsika pansi amaloleza ABS kapena CBS. India inachitanso chimodzimodzi, kuyambira April 2019 njinga zatsopano zoposa 125cc zimafunika ABS. Mwaona eti, CBS yokha popanda ABS amailola pa zing'ono zokha. Ku America bungwe la IIHS, lofufuza za chitetezo cha pamsewu, linayerekeza njinga za mtundu umodzi zokhala ndi ABS ndi zopanda, ndipo mu 2021 linapeza kuti za ABS zimapezeka pa ngozi zopha anthu mocheperako ndi 22 pa 100 aliwonse. Chiwerengero chimenecho kwa ine n'chokwanira, ndi miyoyo ya anthu imeneyo.

Ena amati dalaivala wodziwa amaima pafupi kuposa ABS. Pa phula louma, losalala, atayeserera kangapo akudziwa pomwe aimire, mwina zoona. Koma ngozi siibwera chonchi, galimoto imangotulukira pamphambano mvula ikugwa, iwe maganizo ali kwina, dzanja limafinya lokha ndi mphamvu zonse. Pa liwiro la 60 km pa ola ukuyenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse, nthawi yoti uyeze bwinobwino mphamvu ya zala palibe.

Tsopano ABS yo ili mitundu. Pali single channel, imayang'anira tayala lakutsogolo lokha, ndi dual channel yoyang'anira onse awiri. Single channel yachuluka pa njinga zopangidwa ku India, ma Bajaj Pulsar ena ndi Royal Enfield zina zili nayo, ngakhale Platina 110 inatulukapo ndi ABS yakutsogolo. Anthu amainyoza kuti ndi theka chabe koma ine sindigwirizana nawo, yagwira tayala loopsa lija. Chofunika kudziwa n'choti lakumbuyo likhoza kuloka ukaliponda mopitirira, makamaka pamvula, nde phazi lizikhala lofatsa. Ngati kusankha kuli pakati pa CBS ndi single channel ABS ine ndimatenga ABS osaganiza kawiri. Ngati dual channel ilipo pa njinga yomweyo tengani imeneyo, makamaka amene mumanyamula munthu kapena katundu kumbuyo chifukwa pamenepo tayala lakumbuyo limakhala ndi ntchito yambiri.

Dandaulo limodzi la ABS ndi loona ndipo tisalibise. Pa msewu wafumbi, pamiyala yomwazika, pamchenga kapena potsetsereka pokumbikakumbika, ABS yopangidwira phula imasokonezeka, imangomasula buleki pafupipafupi njinga n'kumapitabe iwe ukufuna kuima. Pamalo otere tayala lolokako pang'ono limakumba pansi n'kuunjika dothi kutsogolo kwake, zimene zimathandiza kuima, pomwe ABS ikuletsa zimenezo. Ndi chifukwa chake njinga zopangidwira misewu yotere zili ndi batani. Yamaha Ténéré 700 umatha kuzimitsa ABS, Honda Africa Twin umazimitsa yakumbuyo, KTM ili ndi offroad mode imene imasiya lakumbuyo kuti uziloka momwe ukufunira koma lakutsogolo likutetezedwabe. Njira ya KTM yi ndi imene ine ndimaiona yanzeru. Amene mumayenda kwambiri m'fumbi funsani za batani limeneli musanagule, koma mukabwerera pa phula onetsetsani kuti ABS yayakanso.

Nanga cornering ABS? ABS wamba imangodziwa liwiro la matayala, siidziwa kuti njinga yapendekeka. Pakona tayala limakhala likugwiritsa kale ntchito gawo lalikulu la mphamvu yake yogwira msewu pokhota, nde ukawonjezera buleki yamphamvu limatha kuterera cham'mbali lisanaloke n'komwe, kapena njinga imadzuka yokha n'kulunjika kunja kwa kona, kumene kukubwera magalimoto kapena kuli dzenje. Kuti athetse izi anaika kabokosi kotchedwa IMU, kamayeza kupendekeka kwa njinga ndi momwe ikugwedezekera mbali zonse, kompyuta n'kumapereka buleki mogwirizana ndi kupendekekako. Bosch anatulutsa njira imeneyi mu 2013 pa KTM 1190 Adventure ndi dzina loti MSC, Yamaha R1 ya 2015 inabwera ndi IMU yoyeza mbali 6, ndipo pano zatsikira mpaka pa njinga zazing'ono ngati KTM 390 Adventure. N'chinthu chabwino kwambiri, makamaka kwa oyenda m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri. Koma kuchoka popanda ABS kufika pa ABS wamba ndi mtunda wautali, kuchoka pa ABS wamba kufika pa cornering ABS ndi kamtunda kochepa, nde musasiye njinga yabwino ya dual channel chifukwa choti ilibe IMU.

Traction control ndi nkhani ina, siikhudza kuima, imakhudza kupereka moto. Imagwiritsa ntchito masensa omwe aja a ABS, ikaona kuti tayala lakumbuyo likuzungulira mofulumira kuposa lakutsogolo imadziwa kuti likupala, ndiye imachepetsa mphamvu ya injini, zina zimadula moto wa mapulagi, zina mafuta, ndipo za ride by wire, zija moto umaperekedwa kudzera pa kompyuta osati kebulo, zimangotsekako throttle ngakhale dzanja lako lapotokola. Pa dashibodi kanyali kachikasu kamaphethira, njinga imakhala ngati yazengereza pang'ono kenako n'kupitiriza. Honda ST1100 inali nayo kale mu 1992, Ducati 1098R inabwera nayo mu 2008 kuchokera ku mipikisano, pano kampani iliyonse ili ndi dzina lake, HSTC kwa Honda, KTRC kwa Kawasaki, DTC kwa Ducati ndi BMW, ntchito ndi imodzimodzi.

Ngozi imene imaletsa ndi yoopsa, osaipeputsa. Ukutuluka pakona, wapereka moto msanga, tayala lakumbuyo laterera cham'mbali, mwamantha watseka moto, tayala lija lagwiranso msewu mwadzidzidzi njinga ili chopingasa, imadzuka mwamphamvu n'kukuponya m'mwamba kudutsa pamwamba pake. Imeneyo ndi highside, imathyola mapewa ndi nthiti. Pa njinga ya 600cc kapena 1000cc, pamvula, pamizere yopenta ya pamsewu kapena pomwe patayikira dizilo, traction control ndi yofunika zedi ndipo ine njinga yamphamvu choncho yopanda iyo sindingailimbikitse kwa munthu amene wangoyamba kumene. Koma pa 125cc kapena 150cc injini ilibe mphamvu yopalitsa tayala pa phula louma, pamatope kapena pamchenga pokha ndi pomwe ingapale, nde pamenepo wogulitsa akamakokomeza traction control koma njinga ilibe ABS dziwani kuti akukupatsani chochepa n'kukumanani chachikulu. Buleki yadzidzidzi imamupeza aliyense kaya njinga ndi yaing'ono bwanji, pomwe kupala kwa tayala nthawi zambiri kumayamba ndi dzanja lako lomwe. Komanso pamchenga wambiri kapena pokwera phiri lamatope traction control imatha kukulepheretsa, tayala limafunika lipale kuti utuluke iyo n'kumadula moto, n'chifukwa chake nayonso imafunika batani lochepetsera kapena kuzimitsa.

Zina ngati wheelie control yoletsa tayala lakutsogolo kunyamuka, launch control yothandiza kunyamuka mwaliwiro, komanso zoletsa tayala lakumbuyo kudumpha ukatsitsa giya mofulumira, n'zabwino kwa a mipikisano ndi a njinga zikuluzikulu, pogula njinga yoyendera tsiku ndi tsiku zisakuzunguzeni mutu.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti anthu amagula njinga ya ABS n'kuiwala kuti zonsezi zimadalira tayala. Kompyuta siingapange mphamvu yogwira msewu pomwe palibe, imangogwiritsa bwino ntchito imene ilipo. Tayala lakutha kapena lopanda mpweya wokwanira, ABS imayamba kulowerera msanga ndipo mtunda woimira umatalika. Liwiro nalonso, ukaliwirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi, ABS ilipo kapena palibe. Ukaika tayala la saizi yosiyana ndi imene kampani inalemba, kuwerengera kwa masensa kumasokonekera, traction control imatha kumadula moto popanda chifukwa. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, makampani ambiri amati azisinthidwa pa zaka 2 zilizonse, ukawalekerera amawononga timavalavu ta m'kabokosi ka ABS ndipo kabokosi kameneko ndi kodula kuposa mapadi ndi disiki kuphatikiza. Apa CBS ya kebulo ili ndi ubwino wake, makaniko aliyense amaikonza, pomwe ABS ikavuta pena pamafunika makina owerengera kompyuta. Ubwino wake ABS ikafa mabuleki amagwirabe ngati a njinga wamba, chitetezo chija chokha ndi chimene chimachoka.

Amene mukugula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito, yang'anani kanyali ka ABS. Mukatsegula kiyi kayenera kuyaka, ndipo kazime njinga ikangoyamba kuyenda pang'ono. Kakapanda kuyaka n'komwe kayikirani, alipo ena amakadula kuti abise vuto. Kakakhala koyakabe mukuyenda ndiye kuti ABS siikugwira, nthawi zina ndi matope chabe pa sensa, waya woduka, batire yofooka kapena kamkombero kaja kanapindika posintha tayala, koma pena ndi kabokosi komwe, nde musapereke ndalama makaniko asanaone.

Mukaigula pezani malo athyathyathya opanda magalimoto, valani helemeti, magolovesi ndi jekete, njinga ikhale yowongoka osapendekeka, yambani pa liwiro lotsika ngati 30 km pa ola. Pondani kaye yakumbuyo mwamphamvu ngati njinga yanu ndi dual channel mpaka mumve pedulo ikugunda, kenako yesani yakutsogolo, kufinya mowonjezera pang'onopang'ono ulendo uliwonse mpaka handulo injenjemere, maso kutsogolo, mawondo atagwira thanki. A single channel yesani yakutsogolo yokha, ndipo a CBS musayese kufika polokapo ayi, inu phunzirani kugwiritsa ntchito mabuleki onse awiri pamodzi, kuyamba mofatsa kuti kulemera kupite kaye kutsogolo kenako n'kumafinyitsa.