Follow the Queen patatha miyezi 8 tikusewera

Papita miyezi 8 chiyambireni gulu lathu la anthu 6 kusewera Follow the Queen sabata iliyonse, ndipo tsopano ndikhoza kufotokoza zimene ndaona popanda kutengeka ndi chisangalalo cha masiku oyamba. Masewerawa ndi mtundu wa poker wochokera ku seven-card stud, mmene aliyense amalandira makhadi 7: awiri oyamba chafufumimba, anayi otsatira chagada, lomaliza chafufumimbanso. Kusiyana kwake n'kwakuti kwini (khadi lolembedwa Q) akagwa chagada, khadi lomutsatira limapereka mphamvu kwa makhadi onse a nambala yake, moti amatha kuimira khadi lililonse limene mwini wake akufuna. Kwini wina akagwanso, mphamvuyo imasamukira ku nambala yatsopano.

Kusamuka kumeneku ndi kumene kwandichititsa kuti ndisatope nawo mpaka lero. Usiku wina ndinali ndi ma 8 awiri obisika pa nthawi imene 8 anali ndi mphamvu, ndipo ndinabetcha molimba mtima, koma pogawa makhadi omaliza achagada kwini anagwera mnzanga woyang'anizana nane, 5 n'kutsatira, ine n'kutsala ndi peyala wamba (makhadi awiri a nambala imodzi) m'manja. Kuyambira pamenepo ndimawerenga makwini amene atuluka kale. M'paketi ya makhadi 52 muli makwini 4 okha, choncho atatu akaonekera patebulo, mwayi woti zinthu zitembenukenso umachepa kwambiri, ndipo mpamene munthu angayambe kukhulupirira makhadi ake. Zinanditengeranso nthawi kuvomereza kuti mapeyala awiri, amene nthawi zambiri amakwanira pa stud wamba, kuno safika patali, chifukwa full house (makhadi atatu a nambala imodzi kuphatikiza peyala) imaoneka kawirikawiri ndipo makhadi asanu ofanana amaposa ngakhale royal flush (10, J, Q, K ndi A a maluwa amodzi).

Vuto lalikulu limene tinakumana nalo linabuka m'mwezi wachiwiri, pamene kwini anakhala khadi lomaliza kugwa chagada. Ena ankati nambala yakale ikhalebe ndi mphamvu, ena ankati makwini okha ndiwo atsale nayo, ndipo mkanganowo unawononga usiku wonse. Malamulo a masewerawa amasiyana nyumba ndi nyumba, choncho tinagwirizana n'kulemba papepala kuti makwini ali ndi mphamvu nthawi zonse, ndipo kwini akakhala womaliza, nambala yakale imataya yake. Tinaonjezanso kuti wogawa azitchula mokweza nambala yatsopano nthawi iliyonse imene yasintha, pakuti maso a anthu ambiri amakhala pa makhadi awo okha.

Tinayesako Baseball, mtundu wina wa stud, mmene ma 3 ndi ma 9 ali ndi mphamvu ndipo 4 wachagada amabweretsa khadi lina, koma poti mphamvuyo sisuntha, tinaisiya patangopita masabata ochepa.

Chimene sindingabise n'chakuti pa Follow the Queen mwayi umapambana luso kawirikawiri kusiyana ndi pa stud wamba, ndipo wosewera mosamala akhoza kugonja kwa amene anangokakamira mpaka kumapeto. N'chifukwa chake tinaika malire otsika pa kubetcha, ndipo sitinawakwezepo. Sitipitiriranso anthu 7, popeza anthu 8 akakhalabe mpaka kumapeto angafune makhadi 56, pamene paketi ili ndi 52.