Hilux kapena Isuzu KB: yakale yoti mugule ndi iti?

Mukafunsa amakaniko a mu Lusaka za pikapu ya dizilo yoyenda kale, ambiri angoti Hilux basi. Sakunama. Ya injini ya 2.5 D-4D ndi yolimba, ndipo itakuferani pa Nyimba kapena Petauke mumsewu wa Great East, woidziwa mumupeza, zipangizo zake nazo sizisowa. Chokhumudwitsa ndi mtengo. Mwini wake amauma khosi ngati ndi yatsopano, chikhalirecho yayenda mtunda wosaneneka. Komabe tsiku lodzaigulitsa nanunso simudzalira.

Isuzu KB, yomwe inkapangidwa ku South Africa, imakhala yotsikirako mtengo. Ya injini ya 3.0 imakoka matumba a chimanga kuchoka ku Chongwe mpaka ku msika wa Soweto mu Lusaka osadandaula. M'kati mulibe zokongola zambiri, ndipo ikakhala yopanda katundu imadumpha pa mabampu. Ngati ntchito ndi yakumunda, ine ndingatenge iyi.

Iliyonse mwa ziwirizi, iyatseni m'mawa injini ikadali yozizira. Utsi wabuluu kapena woyera ukapitirira, kayikirani tabo kapena mainjekita, ndipo izi zimadya ndalama. Nambala ya chasisi igwirizane ndi mapepala a RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto ku Zambia.